Madontho Asanu ndi Awiri

Otilia anatuluka pageti la fakitale ya shuga akabaza onse ataweruka. Anatha zaka makumi awiri ku Joni, ndipo pobwerera anapeza njanji itamera udzu, kompyuta ikulamula anthu aimvi. Anamulemba ntchito mongomuyesa kaye: kuwerenga matumba ophulika msoko pa chikwi chilichonse, n'kuika dontho patchati. Tsiku limenelo dontho lachisanu ndi chiwiri motsatizana linagweranso pamwamba pa mzere wapakati.

"Silinadumphe mzere wofiira wa malire," anatero manijala. "Sainani, mayi, malole anyamuke m'mawa. Ofuna ntchito ngambiri."

Anasaina.

Njira yakwawo inkadzera pamanda. Utsi wa nzimbe zowotcha unamukumbutsa a Geresomo, kalaliki wa pafakitalepo amene anamuphunzitsa tchati ndi pensulo ndi lula akali mtsikana. Popita ku Joni anawalonjeza kalata. Sanalembe ngakhale imodzi.

Achule anangoti zii. Mphepo inaima. Kumbuyo kwake... phazi. Phazi lina!

"Mwananga Otilia."

Anatembenuka. Malaya akhaki omwe aja. Pensulo kukhutu.

"A Geresomo! Mukadali..."

"Madontho angati mbali imodzi?"

"Asanu ndi awiri, bambo."

"Ndiye ukudikira mzere wofiira? Wofiira ndi uthenga wa maliro. Matenda amaoneka pamndandanda wa madontho." Mawuwo anali ozizira ngati madzi a m'Shire mbandakucha. "Makina achitatu. Singano."

Anati awagwire dzanja... mdima wokhawokha!

Anathamanga kubwerera kufakitale. Ankadziwa kuti akaimitsa makina pachabe, mawa ntchito yatha. Anakhwatcha siginecha yake, naimitsa makina achitatu osokera matumba. Makaniko wausiku anatsegula uku akung'ung'udza, kenako anamuitana kuti aone. Singano inali yopindika, ikulumpha msoko. Theka la matumba a m'malole likanakhuthukira pamsewu malolewo asanakwere chitunda cha Thabwa.

Otilia anakhala pabenchi la mlonda wokalamba, a Saulos, akupuma wefuwefu.

"A Geresomo akukhala kuti masiku ano? Ndikawathokoze."

A Saulos anavula chipewa.

"Munachoka kalekale kuno, mayi. Tinawaika chaka cha madzi osefukira chija, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Manda awo ndi oyamba m'mbali mwa njira mwadzerayo. Mpaka tsiku lomaliza ankandifunsa pageti pano ngati kwabwera kalata ya ku Joni."