Nyali ya Pansi pa Dziwe

Minibasi yochokera ku Mangochi inafa kawiri panjira, ndipo pamene inkamutula Morton pa Songani, usiku unali utapita kale. Akabaza onse anali atakagona. Anasenza paphewa silinda yake yopumira pansi pa madzi, yomwe mpweya wake unali utathera kunyanja, kamera ili lende pachifuwa, n'kuuyamba wapansi.

Morton anali mphunzitsi wa sayansi, koma ku Domasi ankangomutchula kuti Chule. Anzake akamathera Loweruka kumpira, iye ankapita kunyanja kukamira pansi pa madzi ndi kujambula mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kuvutikira nsomba zoti sadya n'komwe. Pakhoma la nyumba yake zithunzi za nsomba zinkaposa za abale ake.

Njira zopita kwawo zinali ziwiri. Yachidule inkadutsa pa mlatho wamatabwa, pamwamba pa dziwe lakuya la mumtsinje wa Domasi, ndipo kwa zaka zinayi Morton sanapondepo. Chifukwa chake ankachidziwa yekha.

Dzinja lina, bambo wogulitsa mpunga anaterereka pamlathopo ndi njinga yake. Njinga inapezeka, mwini wake ayi. Anthu anathamangira kwa Chule, poti ndiye yekha anali ndi zida zopumira m'madzi. Morton sankamudziwa munthuyo ngakhale nkhope, koma anavomera chifukwa cha manyazi. Tsono dziwe la mumtsinje si nyanja. M'katimo munali bii, matope okhaokha, tochi yosaonetsa ngakhale dzanja lake. Atangotsika pang'ono, mizu ya mkuyu inamukhudza m'khosi, ndipo mantha anamugwira. Anakakamira mwala, nakhala pomwepo akuyang'ana wotchi mpaka mphindi makumi awiri zitatha. Atavuuka anati, "Ndafufuza ponseponse. Mulibe, madzi anapita naye."

Anamukhulupirira. Abale anachita monga zimakhalira mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi, n'kukalikwirira kumanda ndi nyimbo zonse. Mkazi wamasiye, Maness, anamubweretsera Morton nkhuku yothokoza. Morton anaipereka kwa ena, chifukwa sikanadutsa pakhosi pake.

Usiku wochokera ku Mangochiwu phewa linamupweteka, ndipo anadziuza kuti munthu wophunzitsa sayansi sangamaope matabwa. Anakhotera njira yachidule.

Atadutsa minda ya mpunga, anamva mapazi kumbuyo. Tchwa... tchwa... ngati munthu wovala nsapato zodzaza madzi. Unali mwezi wa Okutobala. Mvula inali isanagwe ngakhale dontho.

"Achimwene, katunduyu wakulemerani. Bweretsani ndikuthandizeni."

Anali bambo wamtali, thalauza atalipisa m'masokosi monga amachitira oyenda panjinga. Pomwetulira, mwezi unaonetsa mpata waukulu pakati pa mano ake. Morton anathokoza n'kumupatsa silinda. Zala za munthuyo zinali zozizira, ndipo ankanunkha matope.

Mlatho unayamba kuoneka.

"Mpweya wake umakhala nthawi yaitali bwanji?" anafunsa mlendoyo.

"Mphindi makumi anayi, mwina kupitirira."

"Ndiye kuti tsiku lija unali ukadalipo."

Morton anaponda thabwa loyamba. Lachiwiri. Pansi pawo dziwe linali zii.

"Ndinkaiona nyali yanu," anatero munthuyo, mawu ake ofatsa, opanda mkwiyo. "Inali pamwamba panga, pafupi ngati apa ndi apo. Ndinadikira kuti itsika... koma inangoima. Kenako inakwera."

Morton anaima pakati pa mlatho.

"Kumazizira kumeneku, achimwene. Mizu inandigwira mwendo."

Chimene Morton anachita ngakhale iye sachimvetsa. Dzanja linapita lokha pa kamera, monga limachitira nsomba ikatulukira mwadzidzidzi. Ng'anii! Kuwala kunadzaza mlatho wonse.

Panalibe munthu.

Silinda yokha inali chilili pamatabwa, ikudontha madzi, ndere zitaikuta. Anaisiya pomwepo. Anathamanga, kugwa, kudzuka, kuthamanganso, mpaka kukadzitsekera m'nyumba.

Anakhala nthawi yaitali asanalimbe mtima kuyang'ana chithunzicho. Mlatho sunaoneke, mwezi sunaoneke. Munali madzi amatope, mizu yopotana, ndi nkhope yoyang'ana m'mwamba, pakamwa pali yasa. Mano ake anali ndi mpata.

Kutacha anapita kwa Maness. Anamupeza akumanga zovala m'beseni, ndipo mayiyo anamulandira ndi ulemu umene unamupweteka kuposa kutukwanidwa.

"Aphunzitsi, lero mwatikumbuka? Lowani, musakhale padzuwa."

Morton sanakhale pansi. Maso ake anali pakhoma, pa chithunzi cha bambo wamtali atagwira njinga, akumwetulira.

"Awa ndi ndani, mayi?"

"Si bambo a Tisungeni amenewo, a Jeremiya? Zaka zinayi tsopano chimwalirireni. Paja inu simunawaone ali moyo." Anapukuta galasi la chithunzicho ndi nsonga ya chitenje. "Mwina madzi anawatayira ku Chilwa, kaya. Ine ndimangolambula manda a nthochi aja, nanga ndikalire kuti?"

Morton anadziwa kuti akangotsegula pakamwa, dzina lake m'mudzimo latha. Anatsegulabe.

"Alimo, mayi. Ali m'dziwe muja. Ine sindinafike pansi. Ndinachita mantha, ndinanama."

Maness sanalire. Anayang'ana beseni lija.

"Ine ndimachapa pamenepo," anatero motsitsa. "Lachiwiri lililonse. Malaya a mwana wawo ndimawatsukuluza m'madzi amenewo." Kenako anadzutsa maso. "Zida zanu zili kuti?"

"Silinda ili pamlatho. Koma mpweya unathera kunyanja dzulo, mayi. Mpaka ndikadzazitse ku Mangochi, mwina sabata yamawa..."

"Tiyeni tikaione."

Anadzera kunyumba kwa Morton kukatenga mapaipi, magalasi a m'madzi ndi tochi, iye akuganiza kuti amuonetse mayiyo ndi maso ake kuti silindayo ndi yopanda kanthu. Anaipeza pomwe inatsala, ikadali yonyowa ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Anthu odabwa ndi silindayo anali atayamba kusonkhana m'mbali mwa mtsinje. Morton anagwada, nalumikiza paipi, n'kutsegula.

Kamuvi koonetsa mpweya kananjenjemera, kenako kanakwera pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Silinda inali yodzaza.

Maness anatola tochi n'kumuika m'manja.

"Ulendo uno mukafike pansi," anatero.