Maenje pa Mwezi wa Kadzuwa

Kadzuwa amakhala ku Golomoti. Ali mu Sitandade 3.

Aphunzitsi anati, "Lolemba aliyense abwere ndi chinthu chakumwamba. Aumbe yekha."

Kadzuwa anafuna kuumba mwezi.

Loweruka m'mawa anapita kudambo. Anakumba dongo. Analikanda. Analiyala m'lichero lakale. Analisalaza ndi madzi. Anasalaza, nasalaza, nasalazanso. Mwezi unasalala see!

Anauika pansi pa mtengo wa bwemba kuti uume. Kenako anapita kukasamba.

Joyce ndi mng'ono wake wa Kadzuwa. Joyce amakonda bwemba. Anatola miyala. Anagenda m'mwamba.

Sipanagwe bwemba. Panagwa miyala.

Phwa! Phwa! Phwa!

Kadzuwa anabwerako. Anayang'ana m'lichero. Dzenje apa. Dzenje apo. Dzenje pakati penipeni.

"Joyce! Wachita chiyani?"

"Sindinauone," anatero Joyce.

"Sunauone? Maso ako ali kuti?"

"Tiyeni tiusalazenso."

"Usaukhudze! Choka!"

Joyce anathawira kuseri kwa nyumba.

Kadzuwa anakwiya. Anakwiya kwambiri. Anamenyetsa phazi pansi. Galu anadzuka n'kuthawa. Mkwiyo sunathe.

Anatola mwala waukulu.

"Wawonongeka kale!" anakuwa. Anauponya pa mweziwo.

Phwaa! Dongo linamwazika uku ndi uku.

Nthawi yomweyo amalume a Clement anafika. Ankachokera kumunda wawo wa mpunga ku Bwanje. Anasuzumira m'lichero.

"Eee! Mwezi uwu waumba ndani? Ndi weniwenitu uwu!"

"Musandiseke, amalume!" anatero Kadzuwa. Misozi inalengeza.

"Sindikukuseka, mwanawe. Taona."

Amalume anatulutsa foni. Anamuonetsa chithunzi cha mwezi. Unali ndi maenje. Maenje aang'ono. Maenje aakulu. Maenje pena paliponse.

Kadzuwa anapukuta misozi.

"Anaugenda ndani?" anafunsa.

"Si munthu," anatero amalume. "Kumwamba kuli miyala yoyenda yokha. Ina ndi yaing'ono ngati njere ya mpunga. Ina ndi yaikulu ngati phiri. Kulinso nyenyezi zamchira. Izo ndi madzi oundana ndi fumbi. Zikagunda mwezi, pamatsala dzenje."

"Nanga maenjewo sakwiririka?"

"Akwiririka bwanji? Kumwezi kulibe mvula. Kulibenso mphepo."

"Miyalayo singatigwere ife?"

"Yaing'ono imapsera m'mwamba isanafike pansi. Yaikulu sigwa kawirikawiri."

Kadzuwa anayang'ana foni. Anayang'ana lichero. Anayang'ananso foni. Anachotsa mwala wake waukulu pa dongo. Panatsala dzenje lakuya. Linali lokwera m'mbali. Linafanana ndi la pachithunzi.

Koma Kadzuwa anapindabe manja.

"Ndikadali wokwiya," anatero. "Joyce sanapepese."

Joyce anasuzumira kuchokera kuseri. Anayenda pang'onopang'ono. Maso ake anali ofiira.

"Pepani, achemwali," anatero. "Sindinachite dala."

Kadzuwa anatsitsa manja. 

"Nanenso ndinakukalipira kwambiri," anatero. "Pita ukatole timiyala. Koma uzigenda pokhapo pamene ndakuuza!"

Joyce anathamanga. Anabwera ndi timiyala todzaza manja.

"Apa," anatero Kadzuwa.

Phwa!

"Tsopano apo."

Phwa!

"Nane ndiyeseko," anatero amalume.

Anatseka diso limodzi. Analunjika bwinobwino. Anaponya.

Mwala unaphonya lichero lonse. Unagwera pafupi ndi nkhuku. Nkhuku inalumpha, kwee! kwee!

Joyce anaseka. Kadzuwa anaphimba pakamwa. Sanafune kuseka. Koma kuseka kunatuluka kokha.

"Amalume," anatero, "inu ingogwirani foni."