Batire Lomaliza la Kambalame

Aphunzitsi anali pakati pofotokoza masamu pamene mawu awo anayamba kuchepa ngati a munthu amene akutsikira m'chitsime. Kambalame anagwira khutu lake. Anachotsa kachipangizo komuthandiza kumva, n'kukagogoda ndi chala, n'kukabwezeretsa. Kunali zii. Milomo ya aphunzitsi inkangotseguka n'kutsekeka. Batire lomaliza linali litatha.

Mtsikanayu anagontha ali wamng'ono, atadwala malungo aakulu. Dzina loti Kambalame anamupatsa ndi mchimwene wake, poti akamalankhula ndi manja ankakhala ngati akufuna kuuluka. Masiku amenewo, Loweruka lililonse, iye ndi mayi ake ankapita kwa mayi wina wosamva, wosoka zovala, amene ankaphunzitsa chinenero chamanja pakhonde pake. Bambo ake, omwe anali kalipentala, sankapondako phazi. "Manja angawa anazolowera hamala," ankatero.

Kenako pasukulupo panafika alendo a bungwe lina lakunja. Anayeza makutu a ana osamva n'kuwaveka tizipangizo taulere. Mawu oyamba amene Kambalame anamva anali a mayi ake akulira ndi chimwemwe. Kunyumba anamva madzi akugwera mundowa, anamva chitseko chikulira, ndipo anazindikira kuti bambo ake amaimba akamapala matabwa, koma amaimba moipa zedi.

"Zamanja zija zithere pomwepa," bambo analamula madzulo ake. "Mwana akumva. Ndipo anthu aja alonjeza kuti azibwera chaka chilichonse."

Makolo enanso anaganiza chimodzimodzi, moti pakhonde la wosoka paja panatsala mphaka yekha. Chaka chotsatira alendo anabweradi ndi mabatire. Chaka chinacho sanaoneke. Ahedi ataimba foni anauzidwa kuti ntchitoyo inatsekedwa, chifukwa kwawoko opereka thandizo anali atayang'ana kwina.

Tsiku limene batire linatha, Kambalame anafika kunyumba n'kuika kachipangizoko patebulo la bambo ake, pakati pa utuchi. Bambo anasiya ntchito n'kuzungulira masitolo onse. Wogulitsa wina anawapatsa batire la wotchi, koma linakana kulowa. Wina anangoseka, akuti mabatire otere sanawaonepo chibadwire.

Bambo anabwera wopanda kanthu. Anamuyang'ana mwana wawo n'kulankhula pang'onopang'ono kuti awerenge milomo: "Abweranso. Tidikire."

Anadikira. Mvula inagwa n'kusiya. Kambalame, amene ankakhala m'gulu la ana okhoza bwino, anayamba kutsalira, mpaka analephera mayeso. Kunyumba n'kumene kunkamuwawa koposa. Pa chakudya mchimwene wake ankanena kanthu, onse n'kuphulika ndi kuseka, iye n'kumangoyang'ana nkhope zawo. Akafunsa, mayi ankayesa ndi manja, koma zizindikiro zambiri anali ataziiwala. Mapeto ake ankangomusisita paphewa.

Masana ena anapita kukapereka madzi akumwa kwa bambo ake. Matabwa amene anatsamiritsidwa kukhoma anayamba kutsetsereka kumbuyo kwake. Bambo anakuwa mpaka aneba anatuluka m'nyumba, koma Kambalame ankangoyenda, akumwetulira, kapu ili m'manja. Matabwawo anamugwera pamwendo.

Kuchipatala adokotala anali atavala chophimba pakamwa. Ankaloza mwendo uja, kuloza chitseko china, n'kumalankhula ndi bambo. Kambalame anaona namwino akubwera ndi mbale ya zitsulo zonyezimira.

"Ababa, akuti chiyani?" anafunsa. "Adula mwendo wanga?"

Bambo anapukusa mutu n'kuyamba kufotokoza, koma milomo yawo inkanjenjemera moti sinkawerengeka.

"Sindikumva! Ndiuzeni ndi manja, ababa!"

Bambo anakweza manja awo, manja aakulu aja odzaza zipsera. Anawayang'ana. Manjawo anangoti lende m'malere, osadziwa ngakhale liwu limodzi. Pamene ankamukankhira m'chipinda chija, Kambalame anaona chinthu chimene anali asanachionepo: bambo ake atatsamira khoma, akulira ngati mwana.

Mwendo sunadulidwe. Fupa linali litathyoka, ndipo anamuika pulasitala. Atatuluka m'chipatala anapeza kachipangizo kaja palibe pawindo pamene bambo ankakasunga podikira alendo. Bambo anali atakatsekera m'kabati.

Loweruka lotsatira bambo anamubereka kumsana, mchimwene atasenza benchi yatsopano, mayi ali pambuyo. Wosoka zovala uja atawaona anaimitsa makina ake. Sanawafunse kumene anali zaka zonsezi. Anangosuntha nsalu kuti benchi ikwane. Panjira bambo anali atagogoda pamakomo a makolo ena, ndipo awiri anabwera ndi ana awo.

Bambo anakhala kutsogolo, thukuta lili kamukamu, akulimbana ndi zala zouma ngati mitengo. Pomaliza anatembenukira kwa mwana wawo n'kupanga chizindikiro mosamala kwambiri. Ankafuna kunena kuti "mwana wanga", koma chimene chinatuluka chinali "mbuzi yanga".

Kambalame anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo itayamba sinafunenso kuleka. Anagwira zala za bambo ake n'kuzipinda chimodzichimodzi.

"Ayi, ababa," anatero. "Yambaninso."