Envulopu ya Makoswe Makumi Awiri

Sravanthi anakumana ndi Phanindra pa siteji ya basi ku Tarnaka, mvula ikugwa, onse akupita kulabotale imodzi. Mtsikanayo ankasamala makoswe, mnyamatayo ankafufuza za ubongo. Mwezi usanathe, Phanindra anali atayamba kumugulira maluwa oika kutsitsi ndi kumutcha "Golide wanga".

Makoswe khumi Sravanthi ankawabaya gulutameti, mankhwala amene amautsa ubongo mpaka kumatha shuga mofulumira. Ena khumi ankawabaya madzi amchere chabe. Phanindra ndiye ankayeza shugayo, koma lamulo linali lakuti woyeza asadziwe khoswe amene wabayidwa mankhwala. Mndandanda wa manambala a makoswe obayidwa mankhwalawo unali mu envulopu yomata, m'kabati ya mkulu wawo, Mayi Lalitha. Woudziwa pamtima anali Sravanthi yekha.

Tsiku lina masana uthenga unalowa pafoni: "Golide wanga, manambala akukana kulongosoka. Ungondinong'oneza khumi obayidwa mankhwala aja. Ndikangomaliza maphunziro, akwathu abwera kwanu kudzakufunsira."

Sravanthi ankadziwa kuti kuulula kunali kuswa lamulo. Zitadziwika, ntchito ikanatha. Koma chomuopsa koposa chinali china: kodi maluwa onse aja anali ake, kapena a envulopu?

Anakana masiku atatu. Phanindra analeka kudya naye, namunyogodola kuti akakwatiwe ndi makoswe akewo. Tsiku lachinayi, Sravanthi analemba manambala a makoswe khumi pakapepala, asanu oona, asanu abodza, namupatsa. Anadziuza kuti ngati mnyamatayo ndi woona mtima, zoyeza zake sizisintha.

Patatha sabata, Phanindra anayala zotsatira pamaso pa Mayi Lalitha, akumwetulira. Makoswe khumi anaoneka kuti ubongo wawo unatha shuga wambiri zedi. Anali khumi omwe aja a pakapepala, osaphonya ndi mmodzi yemwe.

Mayi Lalitha anang'amba envulopu. Anawerenga kawiri, navula magalasi, natuluka kukaimba foni.

"Wandinamiza, Sravanthi?" Phanindra ananong'ona, nkhope itagwa.

"Ndakunamizadi, ndipo za kapepala kaja ndikawauza ndekha Mayi Lalitha," anayankha, misozi ili m'maso. "Koma asanu mwa amenewo sanalawe mankhwala n'komwe. Ubongo wawo unautsidwa ndi ndani, Phanindra?"



Sravanthi anachotsa maluwa kutsitsi, nawasiya pamwamba pa mapepala aja, natsatira Mayi Lalitha.