Maso a Tamando Anali Pansi

Tabuleti ya sukulu inali patebulo, galasi lake litasweka, ndipo atsikana awiri anaima pamaso pa Mayi Lawford, mphunzitsi wamkulu wochokera ku Ulaya. Awiriwa ndiwo anatsala m'kalasi dzulo lake kulongedza zipangizo. Amene anaigwetsa anali Chigomezgo, koma palibe anamuona.

Kuyankhula ndi akuluakulu sikunkamuopsa Chigomezgo ngakhale pang'ono. Bambo ake, a Zikhale, ogwira ntchito ku Capital Hill, anamulera ku Area 14 ndi lamulo limodzi: "Ukamayankhula, uziyang'ana munthu m'maso. Dziko la lero silifuna amanyazi." Kusukulu nakonso nyimbo inali yomweyo.

"Si ine, Madamu," anatero Chigomezgo, maso ali gwa. Bodzalo linatuluka bwinobwino osapunthwa.

Mayi Lawford anakhutira, n'kutembenukira kwa Tamando. Mtsikanayu anali atangobwera kumene kuchokera ku Nsaru. Mayi ake ankagulitsa zitenje ku Area 2, ndipo sukulu inamulandira mwaulere chifukwa cha mutu wake wakuthwa. Malo oterowo sachedwa kutayika.

"Nanga iwe, Tamando?"

"Sindinaswe ndine, Madamu," anayankha chapansipansi, manja atawapinda kumbuyo, maso ali pansapato zake.

"Tandiyang'ana!"

Tamando anadzutsa mutu pang'ono, koma maso ake atangokumana ndi a mphunzitsiyo anagweranso pansi.

"Mwana wosalakwa sabisa nkhope," anatero Mayi Lawford akutenga pepala. "Kuswa chinthu si mlandu waukulu, koma bodza sindilekerera pano. Mayi ako abwere mawa adzakutenge."

Misozi ya Tamando inadontha pansi, ndipo anawerama kwambiri kuposa poyamba.

Chigomezgo anali atapulumuka, koma kuwerama kuja anakuzindikira. Pa Khirisimasi, kwawo ku Rumphi, anaona bambo ake omwewo, bwana wa tayi amene madalaivala amamutsegulira chitseko, atakhala pakampando kakafupi, maso ali pansi, pamene amalume awo ankayankhula. Iye anaseka tsiku limenelo. Pobwerera, m'galimoto, bambo ake anamudzudzula: "Kuno munthu satong'olera maso wamkulu. Ndi mwano umenewo." Ndiye kuti malamulo analipo awiri, koma iye anangopatsidwa limodzi, Tamando n'kupatsidwa linalo. Manyazi anamugwira.

Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Madamu, musalembe kalatayo," anatero Chigomezgo. "Tamando sakubisa kanthu. Kwawo anamuphunzitsa kuti kuyang'ana wamkulu m'maso n'chipongwe. Akukupatsani ulemu."

Cholembera chinaima. "Nanga tabuletiyi waswa ndani?"

"Ndine. Inandipulumuka m'manja, ndiye ndinangoibwezera mukabati."

Mayi Lawford anayang'ana Tamando kwa nthawi yaitali, nkhope yawo itafiira, kenaka anang'amba pepala lija pakati.

"Pepa, Tamando. Bwerera m'kalasi," anatero. "Iwe Chigomezgo, kalata ikhala yako, ndipo abwere ndi bambo ako. Koma zoona? Unandiyang'ana m'maso muno!"

Chigomezgo anafuna kuyankha molimba mtima monga mwa masiku onse. Anayesa kudzutsa mutu, koma khosi linakana. Anangoti maso pansapato zake, pomwe paja panali maso a Tamando.