Makaseti a Malume

"Chimkonono wafika!" anakuwa anyamata a m'kalasi, ena n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Mtsikana amene ankamunenayo anakhala pa desiki mtima ukuwira. Manyazi onsewa anamubweretsera ndi malume ake, amene ankamulera chimwalirireni mayi ake.

Malumewo anali woyimba, koma kuyimba kwake, abale inu! Gitala yamagetsi ankaikwecha ndi supuni. Chilichonse cholira m'nyumbamo, kaya chitseko, kaya mpopi wodontha, ankachijambula pa kaseti n'kuchisakaniza ndi gitala. Ulendo uno anajambula mkonono wa mwana wa mlongo wawo, nyimboyo n'kukamveka pa wailesi.

"Lero andidziwa," anatero mtsikanayo mumtima.

Ataweruka anapeza malume atachokapo. Analowa m'chipinda mwawo ndi sizasi. Anayamba ndi kaseti yofiira imene inali pamwamba pa shelefu: anasolola tepi yake n'kuidula khekhekhe. Inzake inatsatira, kenako inanso. Mtima unkachita kukoma.

Koma ya mkononoyo ndi iti? Imeneyo ankafuna kuidula akuidziwa. Anaika ina mu wailesi, n'kuvala mahedifoni.

Phokoso lomwe lija. Anatsala pang'ono kuthimitsa pamene anamva kulira kwa makina osokera. Anawazindikira, anali makina a mayi ake, aja ankadumphadumpha akafika pa msoko wokhuthala. Gitala inkawalondola pang'onopang'ono, makina akadumpha nayo inkadumpha, akaima nayo inkadikira. Kenako panamveka kachifuwa ka mayi ake, gitala n'kulira motsitsa ngati ikuwapepesa.

Anaibwereza nyimboyo. Nthawi yonseyi ankati ndi misala, osadziwa kuti malume ankasunga nyumba yawo yonse m'makasetimo. Misozi inali chuchuchu.

Atavula mahedifoni anaona malume ali pakhomo, maso ali pansi pomwe panali matepi oduladula.

"Malume, nyimbo iyi ndi yokoma," anatero. "Mayi alimo."

"Mmenemo muli makina ndi kachifuwa chabe, mwana iwe," anayankha malume mwakachetechete. "Mawu ake enieni, akukuyimbira uli wakhanda, ali mu yofiira ija. Ndimati ndikupatse ukakula."

Mtsikanayo anagwada n'kuyamba kutola zidutswa. Zonse zinali zakuda, zofanana, ndipo sankadziwa kuti za mayi ake ndi ziti.