Timitengo ta Mabulosi

Ndili mwana ankanditcha Kayendayenda. Sindinkakhala pansi. Ndinabadwira m'tauni. Mabasi ndinkawadziwa. Masitolo ndinkawadziwa. Dimba sindinkalidziwa.

Ndinkafuna chinthu chimodzi. Ndinkafuna kuona mtengo wa bambo. Unali mtengo wa mabulosi. Bambo ankaukwera ali mwana. Ankaukamba tsiku ndi tsiku.

"Manja ankada bii!" ankatero. "Pakamwa bii! Malaya bii!"

Tsiku lina tinapita kwa azakhali, kumene bambo anakulira. Tinafika kutada. Basi inatisiya pamsewu. Bambo ananyamula chikwama. Ine ndinanyamula tochi.

Azakhali anatsegula chitseko.

"Achimwene! Njira mukuikumbukirabe?"

"Miyendo ikukumbukira, achemwali," anayankha bambo.

"Mtengo uli kuti, azakhali?" ndinafunsa.

Azakhali anandiyang'ana. Kenako anayang'ana bambo.

"Mawa, mwanawe. Kagone."

Kutacha ndinathamangira kuseri kwa nyumba. Ndinayang'ana uku. Ndinayang'ana uko. Mtengo panalibe. Panali chitsa chokha.

Bambo anabwera. Anaima pachitsa paja.

"Unagwa ndi mphepo ya nyengo yozizira," anatero azakhali. "Unali utakalamba."

Bambo anagwira chitsa. Anangochisisita.

"Musade nkhawa, achimwene. Ntchito ikatha ndikuonetsani kanthu."

Ntchito inalipo yambiri. Kuzizira kunali kutatha. Mitengo inali itayamba kuphuka. Inali nthawi yokonza pakhomo.

Masamba ouma anali mbwee pabwalo. Ngalande inali itadzaza zinyalala. Mpanda unali utapendekeka.

Azakhali anatenga khasu. Bambo anatenga hamala ndi misomali. Ine anandipatsa wilibala.

"Iwe wa m'tauni, tola timitengo tonse touma. Ukaunjike apo. Madzulo titentha."

"Tonse, azakhali?"

"Tonse."

Ndinatola pabwalo. Ndinatola m'ngalande. Ndinatola pansi pa mpanda. Wilibala inkalira, kwii, kwii, kwii. Mulu unkakula.

Bambo ankakhoma mpanda. Ankakhoma pang'ono, n'kuima.

"Apa panali khola la nkhuku," ankatero. "Apo mayi ankayanika zovala."

"Khomani, achimwene," ankaseka azakhali. "Mpanda sumva nkhani."

Ndinafika kuseri kwa bafa. Panali pamthunzi. Ndinaona timitengo titaima pamzere. Tinalibe masamba. Tinalibe maluwa. Tinali timitengo basi.

Ndinawerenga. Tinali tisanu ndi tiwiri.

"Ndani wasiya zinyalala zoimirira?" ndinadzifunsa.

Ndinazula kamodzi. Ndinazula kachiwiri. Ndinatizula tonse. Tisanu ndi kamodzi ndinaponya pamulu. Kamodzi kanali kowongoka bwino. Ndinajambula nako msewu padothi. Kenako ndinakaika m'thumba.

Dzuwa linapendeka. Pabwalo panayera. Mpanda unaima njii.

Bambo anatenga machesi. Anapita kumulu kuja.

Azakhali anatunga madzi m'ndowa.

"Tiye, Kayendayenda. Tikathirire ana a mtengo uja. Kenako tiitane bambo ako."

"Mtengo uli ndi ana?"

"Ee. Utagwa, ndinadula tinthambi take. Ndinatizika kuseri kwa bafa. Tikagwira, mtengo ubwereranso."

Ndinawatsatira pang'onopang'ono.

Tinafika kuseri kwa bafa. Panali timayenje tisanu ndi tiwiri. Azakhali anatula ndowa pansi.

"Mayo ine! Mbuzi za ndani zimenezi?"

"Si mbuzi, azakhali," ndinatero. "Ndine."

Sindinadikire. Ndinathamanga. Tsiku limenelo miyendo yanga inagwira ntchito.

"Bambo! Musayatse! Musayatse!"

Machesi anali atayaka kale m'manja mwawo. Bambo anawauzira. Fuu! Anazima.

Ndinafotokoza zonse. Misozi inkatsika. Bambo anayang'ana mulu. Unali wautali kuposa ine.

"Timitengo tonseti n'tofanana," anatero. "Tidziwa bwanji?"

Azakhali anafika akupuma wefuwefu. Sanakalipe. Anagwada pansi.

"Pukuta misozi. Bweretsa chikhadabo chako."

Anatola kamtengo kamodzi. Anakanda khungwa pang'ono. M'kati munali mouma.

"Aka kafa."

Anafufuza pamulu. Anatola kena. Anakanda. M'kati munali mobiriwira.

"Aka kali moyo. Ndi kathu."

Tinayamba kuphwasula mulu. Kanda, taya. Kanda, taya. Kanda, taya.

"Kobiriwira!" ndinakuwa.

Kanda, taya. Kanda, taya.

"Kobiriwira!" anakuwa bambo. Anadumpha ngati mwana.

"Onani mkulu wonseyu," anaseka azakhali.

Tinapeza titatu. Tinapeza tinayi. Tinapeza tisanu. Masamba anadzaza m'mutu mwa bambo. Pansi penipeni tinapeza kachisanu ndi chimodzi.

Tinabwerera kuseri kwa bafa. Ndinazika kamodzi m'dzenje.

"Iii, wakazondotsa!" anatero azakhali. "Ukufuna mabulosi akabereke pansi pa nthaka?"

Anandionetsa timaso ta pakhungwa.

"Apa ndi pophukira masamba. Timaso tiziyang'ana kumwamba."

Ndinakatembenuza. Ndinatsendera dothi ndi zala. Bambo anathira madzi pang'onopang'ono. Tinazika tonse tisanu ndi kamodzi.

Dzenje limodzi linatsala.

"Kamodzi katayika," anatero bambo. "Palibe kanthu."

Ndinapisa dzanja m'thumba. Ndinatulutsa kamtengo kowongoka kaja. Ndinakanda ndi chikhadabo. Kobiriwira!

"Nako kanayamba kale kuyendayenda," anatero azakhali. "Katengera mwini wake."

Tonse tinaseka. Bambo anaseka mpaka kupukuta m'maso.

Azakhali analowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitini chakale. Anachiboola pansi ndi msomali. Anathiramo dothi la pafupi ndi chitsa. Anazikamo kamtengo kaja.

"Aka n'kako. Kazipita nako kutauni. Madzi pang'ono tsiku lililonse. Osakazula kuti uone mizu, wamva?"

"Ndamva, azakhali."

M'mawa tinadzuka dzuwa lisanatuluke. Udzu unali ndi mame. Pabwalo pankanunkhira dothi lonyowa. Fungo limenelo ndimalimvabe.

Bambo anapita pachitsa. Anachisisitanso. Kenako anasuzumira kuseri kwa bafa. Timitengo tinali chiimire pamzere.

"Achemwali, tidzabwera kudzadya," anatero.

"Mudzabwere ndi malaya akale," anayankha azakhali.

Anatiperekeza mpaka pamsewu. Basi inafika. Bambo ananyamula chikwama. Ine ndinanyamula chitini.

Basi inanyamuka. Azakhali ankabayibitsa. Ankachepa, ankachepa, mpaka sanaonekenso.

Msewu unali ndi mabampu. Ndinagwira chitini ndi manja awiri. Sindinaimirire. Sindinasinthe mpando. Sindinatulutse mutu pawindo.

Bambo anandiyang'ana. Anamwetulira.

"Kayendayenda, wadwala kodi? Lero wakhala pansi!"

"Shii, bambo," ndinatero. "Mtengo wanu ungagwe."